Kuchokera pa UTM kufika pa Sienta: chifukwa chake minibasi sinyamuka isanadzaze

Munthu wa ku Bangwe amene amagwira ntchito ku Blantyre, kapena wa ku Area 25 amene amagwira ku Old Town, sangakuuzeni nthawi imene minibasi yake inyamuke mawa m'mawa. Sangakuuzeninso motsimikiza kuti alipira zingati, chifukwa mtengo wa 6 koloko m'mawa si wa 10 koloko, ndipo mvula ikagwa nthawi yoweruka umasinthanso. Ana amene abadwa m'zaka zino amaona ngati ndi mmene maulendo amakhalira kulikonse. Komatu dziko lomwe lino linakhalapo ndi mabasi a m'tauni oyendera nthawi, matikiti osindikiza, ndiponso mtengo umene sunkatengera nkhope ya munthu kapena mitambo. Chimene chinasintha si mtima wa Amalawi ayi. Chinasintha ndi yemwe ali ndi udindo pa msewu, komanso mmene dalaivala amapezera ndalama yopita nayo kunyumba.

Mabasi asanabwere munthu wamba ankayenda wapansi. Katundu wa makampani ankasenzedwa ndi amtengatenga, ndipo bwana ankanyamulidwa pa machila. Njanji yochokera ku Nsanje, komwe nthawiyo kunkatchedwa Port Herald, inafika ku Blantyre mu 1908 ndipo inakafika ku Salima mu 1935, koma anaimangira tiyi, fodya ndi thonje, anthu ankangokwerako. Panyanja panali sitima, ndipo Ilala imene tikuidziwa lero inayamba kuyenda mu 1951. Kumadera otalikirana ndi njanji ndi nyanja, wamwayi ankakwera pamwamba pa matumba m'malole a amalonda. Kukwera matola n'kwakale kuposa basi.

Kampani yaikulu ya mabasi inayamba mu 1947, dzina lake Nyasaland Transport Company. Dziko litalandira ufulu inadzatchedwa United Transport Malawi, ndipo aliyense ankangoti UTM. Eni ake aakulu anali kampani ya ku Britain ya United Transport, imene inkayendetsanso mabasi ku Kenya ndi m'dziko limene lero ndi Zimbabwe.

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa anthu akamakumbukira UTM amakumbukira mabasi, osakumbukira pangano limene linkachititsa kuti mabasiwo aziyenda momwe ankayenderamo. Boma linateteza kampaniyi kuti isakhale ndi wopikisana naye weniweni m'mizinda ndi m'misewu ikuluikulu. Chiphaso chonyamulira anthu chinali chovuta kupeza, makampani ena ngati Yanu Yanu anali owerengeka, ndipo kunyamula anthu olipira pa galimoto yopanda chiphaso unali mlandu. Posinthana ndi chitetezo chimenechi, UTM inkachita zinthu zimene wabizinesi sangachite mwa kufuna kwake. Mitengo inkavomerezedwa ndi boma. Basi inkanyamuka pa nthawi yolembedwa ngakhale mipando ina ili yopanda anthu. Inkafikanso kumidzi yakutali ya misewu yafumbi, kumene ndalama za matikiti sizikanakwanira kugula matayala ndi masipuling'i othyoka m'njira, moti misewu ina inkayendeka m'chilimwe mokha. Phindu la msewu wa Blantyre ndi Lilongwe, kapena wa Limbe ndi Blantyre, ndi limene linkalipirira basi yopita kumidziyo. Wokwera wa m'tauni ankathandiza wokwera wa kumudzi osadziwa.

Dalaivala wa UTM anali wolembedwa ntchito, wolandira pakutha pa mwezi. Basi idzaze kapena isadzaze, malipiro ake anali omwewo, choncho analibe chifukwa chothamangitsana ndi mnzake kapena kuima pa siteji mphindi makumi atatu. Kondakitala ankadula tikiti, ndipo inspekitala ankatha kukwera pena paliponse kudzaona ngati aliyense ali nayo. Basi ikawonongeka inkapita ku galaja ya kampani kumene kunali amakaniko ake. Matupi a mabasi ambiri ankakhomedwa ku Blantyre konkuno ndi kampani ya PEW. Madepoti ngati Wenela, amene anatenga dzina la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, anali malo a kampani okhala ndi mawindo ogulitsira matikiti ndi bolodi ya nthawi.

Tisakometse zakale mopitirira. Mabasi anali ochepa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, koma mabasi sanachuluke mofanana ndi anthu, chifukwa basi iliyonse ndi chitsulo chake chilichonse zinkafuna ndalama zakunja. Mizere ya pa siteji inali yaitali, anthu ankaimirira mothithikana, ndipo basi ikakupitirirani itadzaza kumudzi, ina inali ya mawa. Kugona pa depoti chinali chinthu chozolowereka. Kampani yopanda mpikisano ilibe changu chomvera dandaulo, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi kudandaula mokweza kunali ndi zoopsa zake. Ogwira ntchito ambiri a ku Ndirande ankangoyenda wapansi kupita ku mafakitale, monga mmene ambiri akuchitirabe lero. Choncho pamene anthu anayamba kunena kuti msewu utsegulidwe, anali ndi chifukwa chomveka.

Mu 1989 kampani ya ku Scotland ya Stagecoach inagula gawo lalikulu la UTM, ndipo dzina linasintha kukhala Stagecoach Malawi. Inabweretsa mabasi ena atsopano, ndiponso mabasi osanjikiza amene anagwirapo ntchito ku Hong Kong, omwe anthu a ku Blantyre amawakumbukirabe. Inalimbitsa kusiyanitsa maulendo: Coachline ya pakati pa Blantyre ndi Lilongwe yosaima pena paliponse, mabasi a Express oima m'matauni mokha, ndi basi wamba yoima pa siteji iliyonse. Koma Stagecoach inagula kampani yotetezedwa pa nthawi imene chitetezocho chinali pafupi kutha.

Mabungwe a IMF ndi World Bank ankakakamiza boma kuti lichoke m'malonda ndipo lisiye kuika mitengo. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziikidwa ndi msika, ndipo inagwa kwambiri. Chaka chomwecho boma la a Bakili Muluzi linalowa, likulimbikitsa aliyense kuchita geni. Ziphaso zonyamulira anthu zinayamba kupezeka mosavuta. Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan, kumene amayendanso kumanzere ngati ife, anayamba kulowa kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Munthu wopuma pa ntchito ankatenga ndalama zake zopumira n'kugula Toyota Hiace kapena Nissan Caravan, kuikamo mipando, kumata nambala yofiira, basi walowa pa msewu.

Minibasi sizinapite kumisewu yafumbi. Zinapita kumene kunali ndalama: Limbe ndi Blantyre, Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Kawale, Likuni, Zomba, kenako msewu wonse wa M1. Zinkafika pa siteji basi yaikulu isanafike n'kutola anthu onse. Wokwera sanalakwe kuzikonda. Anali atatopa kudikira. Koma misewu imene zinatenga ndi imene inkadyetsa misewu ya kumidzi ija. Kampani yaikulu inatsala ndi ngongole ya magalaja, malipiro a pamwezi ndi maulendo osapindulitsa, pamene opikisana nayo analibe chilichonse mwa zimenezi. Stagecoach inachoka mu 1997, gawo lake n'kupita kwa ADMARC, ndipo kampani inatchedwa Shire Bus Lines. Inayenda chokwawa kwa zaka pafupifupi khumi, mabasi akucheperachepera, ena akuthyoledwa kuti zitsulo zawo zikonzere anzawo. Pofika 2008 inali itathetsedwa, ndipo malo ake anatengedwa ndi National Bus Company ya gulu la Mulli Brothers. Basi ya m'tauni yoyendera nthawi sinabwererenso mwa mphamvu kuyambira pamenepo.

Tsopano tione mmene minibasi imagwirira ntchito, chifukwa zambiri zimene timadandaula zimachokera pa chinthu chimodzi: tageti.

Eni minibasi ambiri ali ndi imodzi kapena ziwiri, ndipo sayenda nayo. Mwini sangadziwe kuti lero akwera anthu angati, popeza palibe tikiti yodulidwa. Ndiye amagwirizana ndi dalaivala kuti madzulo aliwonse abweretse ndalama yakutiyakuti. Imeneyo ndiyo tageti. Mafuta amagula dalaivala pa ndalama za tsikulo. Kondakitala amadya pomwepo. Oitanira amadya pomwepo. Chindapusa cha pamsewu, kaya cha risiti kaya chopanda risiti, chimachoka pomwepo. Zotsala zonsezi zikachoka ndiye chakudya cha ana a dalaivala. Ena amalonjezedwa kamalipiro ka pamwezi, koma tageti ikaperewera amadulidwa pomwepo, ndipo ikaperewera masiku angapo makiyi amapatsidwa wina, pakuti ofuna chiwongolerocho ndi ambiri.

Mukamvetsa zimenezi, khalidwe lonse la pa siteji limamveka. Minibasi sinyamuka isanadzaze chifukwa mpando wopanda munthu si mwini amene amaluza, ndi dalaivala. Tiwerengere limodzi: mizere inayi ya kumbuyo, atatu pa mzere, ndi anthu 12, kuonjezera awiri a kutsogolo ndi 14, ndipo pamenepo kondakitala akufunanso pokhala. Mukaika anayi pa mzere ndi anthu 18. Mafuta a ulendowo ndi ofanana pafupifupi, tageti ndi yomweyo, ndiye anthu anayi oonjezerawo ndi amene amasiyanitsa tsiku lopita kunyumba ndi ufa ndi tsiku lopita chimanjamanja. M'nthawi ya a Bingu wa Mutharika boma linalamula kuti pa mzere pazikhala atatu, ndipo linali lamulo labwino, koma silinakhudze tageti. N'chifukwa chake mpaka lero kondakitala amati "sunthani pang'ono mayi, akhale achimwenewa" minibasi ikangodutsa pamene pamaima apolisi.

Kuthamanga kumachokeranso pomwepo. Pa msewu umodzi pali minibasi zambiri za eni osiyanasiyana, ndipo munthu woima pa siteji ya kutsogolo ndi wa amene afike koyamba. Dalaivala amapitirira mnzake pa kona, amaima pakati pa msewu, amabwerera chafutambuyo kutsatira munthu amene akutuluka m'kanjira. Kwa iye fodya wake ndi amene ali pamphuno: munthu uyu amene wakweza dzanja tsopano, osati mbiri yabwino ya mawa, popeza mawa wokwerayo adzakwera minibasi ina iliyonse imene idzapezeke. Palibe mphotho kwa dalaivala woyendetsa bwino. Amene amasamala amangofika mochedwa n'kupeza anthu atatengedwa.

Palinso zina zimene wokwera amaziona ngati chipongwe chabe koma zili ndi masamu ake. Minibasi imapatukira pa malo omwetsera mafuta ili ndi anthu chifukwa dalaivala analibe ndalama ya mafuta anthuwo asanalipire. Amathira malita awiri kapena atatu, ongokwanira ulendo umenewo, ndipo akaphonya kondakitala amatsika ndi chigubu. Anthu akatsala ochepa m'njira, amawagulitsa kwa minibasi ina n'kubwerera kumene kuli anthu, ndipo mkangano wa chenji umayambira apo. Masana dalaivala akatopa amapereka galimoto kwa wa ganyu kuti ayendeko maulendo angapo, munthu amene mwini samudziwa ndipo mwina alibe chiphaso choyenera. Matayala osalala ndi mabuleki ofooka zimakhalapo chifukwa tsiku lililonse limene galimoto ili ku galaja mwini salandira tageti ndipo dalaivala sadya, ndiye onse awiri amagwirizana kuti iyendebe mpaka Loweruka.

Za oitanira anthu amalankhula mokwiya, ndipo mkwiyowo uli ndi chifukwa: amakoka zikwama, amatukwana amayi, ena amakhala m'minibasi kunamizira okwera kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, n'kumafuula kuti "mmodzi yekha, yonyamuka!" Boma linaletsa kuitanira m'nthawi ya a Bingu, ndipo apolisi akhala akuwagwira mobwerezabwereza, koma amabwerera. Chifukwa chake n'chakuti pali ntchito imene kale inkagwiridwa ndi kampani ndipo lero palibe ofesi imene ikuigwira: kunena kuti galimoto iyi ndiyo ikupakira tsopano, iyi idikire. Pa siteji yopanda wolamula, amene ali ndi mphamvu ndiye amalamula, ndipo amalipiritsa. Pa galimoto iliyonse yodzaza amatenga ndalama yawo, kawirikawiri yofanana ndi mtengo wa munthu mmodzi kapena kuposa, ndipo ndalamayo imabwerera pa mutu wa wokwera. Ndi anyamata osowa ntchito amene anapeza mpata umene makhonsolo anausiya. Kuwathamangitsa osaika wina woyendetsa mzere n'kungosintha nkhope za otolera ndalama.

Mtengo nawo uli ndi mbiri yake. Bungwe la eni minibasi la MOAM linkalengeza mitengo ya misewu yosiyanasiyana, koma bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC linaona kuti kutero n'kupangana mitengo, zimene lamulo limaletsa. Pa pepala, galimoto iliyonse imaika mtengo wake ndipo mpikisano umateteza wokwera. Pa siteji sizili choncho. M'mawa anthu onse akupita mbali imodzi, magalimoto akubwerera opanda anthu, ndiye mtengo wopita m'tauni umakwera kuti ulipirire ulendo wobwererawo. Masana umatsika, ndipo munthu akhoza kunenerera. Bungwe la MERA likangolengeza kuti mafuta akwera, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo, nthawi zambiri kuposa mmene mafuta akwerera, chifukwa kondakitala amakwezera pa ndalama yosavuta kubweza chenji. Mafuta akatsika, mtengo umatsika mochedwa kapena osatsika n'komwe.

Mbali ina ya vutoli si ya kondakitala. Pafupifupi mafuta onse amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo galimoto, matayala, mabatire ndi zitsulo zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa mu May 2012, kenako ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse pa minibasi unakwera nthawi imodzi. Mafuta akasowa, monga mu 2011 ndi m'zaka zaposachedwapa, dalaivala amagona pa mzere kapena kugula a m'zigubu pa mtengo wokwera, ndipo wolipira ndi wokwera. Nthawi ya Covid-19 boma linachepetsa anthu pa mzere kufika awiri, ndipo mitengo inakwera pompo. Madalaivala anachita zionetsero, ndipo ngakhale kutseka misewu sikunali koyenera, funso lawo linali loona: tageti achotsa kuti?

Malamulo alipo. Lamulo la pamsewu la 1997 ndi ndondomeko zake zimafuna kuti galimoto yonyamula anthu ikhale ndi chiphaso cha ntchitoyo, inshuwalansi, ndi COF yosonyeza kuti yayesedwa ndipo ili bwino, komanso kuti dalaivala akhale ndi chilolezo chapadera choyendetsera anthu. Nthambi ya boma ya DRTSS ndiyo imapereka mapepalawa, apolisi apamsewu amaona ngati akutsatidwa, ndipo makhonsolo a mizinda amayang'anira madepoti ndi masiteji. Koma onsewa amayang'ana galimoto imodziimodzi. Palibe ofesi imene ntchito yake ndi kufunsa kuti anthu a ku Machinjiri kapena a ku Area 36 akufunika magalimoto angati pa ola, azinyamuka nthawi yanji, ndipo yomaliza usiku ikhale ya nthawi yanji. Funso limenelo linkayankhidwa ndi UTM, bwino kapena moipa, ndipo itatha palibe amene analitola.

Zimene minibasi zinachita kwa basi yaikulu, tsopano zikuchitikira minibasi. Toyota Sienta ndi timagalimoto tina ta mipando isanu ndi iwiri timadzaza msanga kuposa minibasi, ndiye timanyamuka msanga, ndipo wokwera wofulumira amasankha timeneto, ngakhale kuti amapanikizidwa anthu ochuluka kuposa mipando, wina mpaka kukhala mpando umodzi ndi dalaivala. Pansi pa Sienta pali kabaza. Inayamba ndi njinga zakapalasa, zimene m'matauni ngati Salima, Balaka ndi Mzuzu zakhala zikunyamula anthu kwa zaka zambiri, kenako njinga zamoto zinadzaza mizinda. Kabaza sadikira munthu wachiwiri, amalowa m'tinjira ta ku Mbayani ndi Mtandire kumene minibasi singafike, ndipo amadutsa pakati pa magalimoto oima. Walemba ntchito achinyamata ambirimbiri. Koma ambiri mwa iwo anaphunzira njinga masiku ochepa pa bwalo la mpira, alibe chiphaso kapena chipewa cha wokwera, ndipo nawonso ali pa tageti ya mwini njinga. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo pa ngozi za njinga zamoto. Kukula kwa galimoto kukucheperachepera, wokwera akulipira zambiri pa kilomita, ndipo thupi lake likuyandikira phula.

Kumudzi nkhani ndi yaifupi komanso yowawa. Basi ya tsiku ndi tsiku itasiya kufika, kunatsala matola: lole kapena pikapu ya tsiku la msika, anthu pamwamba pa matumba a chimanga, mbuzi ndi njinga. Kumene matola safika, mayi wodwala amanyamulidwa pa njinga yamoto pa mtengo umene ungakwane ulendo wa basi wa pakati pa mizinda iwiri. Anthu a kumudzi ndiwo ambiri m'dziko muno, ndipo ndi amene analuza kwambiri pamene pangano lakale lija linatha.

Pa maulendo aatali pali chinthu chimene chimandipatsa chiyembekezo. Makampani ngati AXA, Sososo ndi Kwezy anabweza nthawi pa msewu wa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Munthu amagula tikiti ku ofesi kapena pa foni, mpando uli ndi nambala, ndipo basi imanyamuka nthawi yake ikakwana ngakhale mipando ina ili yopanda anthu. Mabasi a ku Johannesburg odutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amayendanso ndi matikiti ogula pasadakhale. Pa msewu womwewo pali mabasi a pa depoti, otsika mtengo, amene munthu amakwera m'mawa n'kunyamuka masana, mlaliki atalalikira, ogulitsa atalowa ndi kutuluka, kenako n'kumaima pa Zalewa, Ntcheu, Tsangano ndi Lizulu kupakira mbatata ya kachewere ndi tomato. Madalaivala a mabasi awiriwa ndi Amalawi omwewo, ena anaphunzira limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani ya mabasi ambiri imene ili ndi dzina loti iteteze imatha kuluza pa ulendo wa Lachiwiri n'kubweza pa wa Lachisanu, ndipo dalaivala wake salipidwa potengera mitu ya anthu.

M'mizinda ndi momwe vuto likukulira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Lilongwe, imene inakhala likulu mu 1975 m'malo mwa Zomba, inakonzedwa motayana dala: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, pakati pake tchire ndi mitunda yaitali. Misewu yambiri ya minibasi imathera ku depoti ya ku Old Town, ndiye munthu wochokera dera lina kupita lina amakwera kawiri n'kulipira kawiri, ndipo magalimoto onsewo amakumana pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Misewu ikukulitsidwa, pa Area 18 panamangidwa misewu yodutsana pamwamba, koma mzere woonjezerawo umadzaza ndi magalimoto a munthu mmodzimmodzi, ndipo minibasi ya anthu 14 imaima pa mzere womwewo. Blantyre ili ndi mwayi umene Lilongwe ilibe: msewu umodzi wa Masauko Chipembere umalumikiza Limbe ndi Blantyre, kudutsa pa Chichiri, Ginnery Corner ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo anthu ochuluka amayenda pa mzere umodzi womwewo tsiku lonse. Msewu wotere ndi umene basi yaikulu imapindulapo.

Anzathu anayesapo njira zingapo. Ku Johannesburg mabasi a Rea Vaya anayamba mu 2009, ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, ndipo eni minibasi zimene zinkayenda m'misewu imeneyo anapatsidwa masheya mu kampani yoyendetsa mabasiwo m'malo mongothamangitsidwa. Ku Dar es Salaam mabasi a njira yawoyawo anayamba mu 2016. Anafupikitsa ulendo wa pa msewu wa Morogoro, ngakhale kuti pambuyo pake mabasi anachepa ndipo anthu anayamba kuthithikana. Ku Kigali anachita chinthu chotsika mtengo: mu 2013 anagawa mzinda m'zigawo n'kupereka misewu yake kwa makampani ochepa pa mgwirizano wa zaka, eni minibasi atalowa m'makopaletivi, ndipo kenako anabweretsa khadi yolipirira m'malo mwa ndalama ya m'manja.

Njira ya ku Kigali ndi imene ndikuona kuti ikutiyenera poyamba, chifukwa siyamba ndi konkire, imayamba ndi pangano. Eni minibasi a msewu umodzi, tinene wa Limbe ndi Blantyre, akhale kopaletivi imodzi. Khonsolo ipereke msewuwo kwa iwo okha kwa zaka zingapo, ndipo posinthana nazo avomereze mtengo wolembedwa poonekera, nthawi yonyamukira, ndi galimoto yomaliza ya usiku. Ndalama za tsiku zilowe m'thumba limodzi n'kugawidwa potengera maulendo amene galimoto yayenda, osati mitu imene yatola, ndipo dalaivala ndi kondakitala alandire pamwezi. Malipiro a pa foni, amene Amalawi anawazolowera kale kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, angathandize mwini kudziwa zimene zalowa popanda kudalira tageti. Kopaletivi yokhala ndi pangano la zaka ikhoza kupita ku banki kukabwereka ndalama ya basi yaikulu, chinthu chimene mwini wa Hiace imodzi yokalamba sangachite.

Chovuta chake si chaching'ono. Basi imodzi yaikulu imalowa m'malo mwa minibasi zinayi, kutanthauza madalaivala atatu ndi makondakitala atatu ofunika kuwapezera pogwira. Oitanira sangasiye siteji mwaulere. Ena ayenera kulembedwa ngati oyendetsa mzere ovala yunifolomu, ena adzakana. Eni minibasi ena ndi anthu amene ali m'maofesi omwe ayenera kuika malamulowa. Ndipo panganolo limafa tsiku limene Sienta yopanda chilolezo iloledwa kuima kutsogolo kwa basi ya kopaletivi n'kutola anthu ake, monga mmene minibasi zinachitira kwa Stagecoach m'zaka za m'ma 1990. Khonsolo imene ikufuna kuyamba iyenera kukhala ndi anthu ake pa siteji iliyonse ya msewuwo kuyambira m'bandakucha mpaka galimoto yomaliza, tsiku lililonse, ndipo ndalama ya malipiro awo iyenera kukhala mu bajeti pangano lisanasainidwe.